Mmene mungathandizire wodwala amene wayandikira kutisiya kuti afotokoze mbiri ya moyo wake

Munthu akadwala matenda a mgonagona mpaka achipatala kunena kuti mankhwala ochiza palibenso, dzina lake limayamba kuzimirira iye akadali moyo. Amene dzana anali aphunzitsi, atelala, anamkungwi kapena mayi wolera ana asanu ndi awiri, lero pakhomo ponse akungotchedwa "odwala". Odzazonda matenda akafika amafunsa odwazika kuti, "Agona bwanji?" kapena "Amwako kaphala?", mwini wakeyo ali chigonere pamphasa pomwepo, akumva zonse. Palibe amene amachita zimenezi mwankhanza, komabe wodwalayo amaona kuti zaka zake zonse zakwiriridwa ndi nthenda ya miyezi yowerengeka. Njira imodzi yomubwezera ulemu wake ndiyo kumupatsa mpata woti anene ndi pakamwa pake kuti iye ndi yani, anachita zotani, ndipo akufuna kuti otsala azimukumbukira motani. Malangizo awa ndalembera ana, adzukulu, anthu ongodzipereka osamalira odwala m'midzi, ndi aliyense amene anakhalapo pambali pa wodwala wotere n'kusowa chonena.

Ntchito imeneyi ili ndi kumene inachokera. Mu 1948, ku London, Cicely Saunders, yemwe ankagwira ntchito yothandiza odwala pa chipatala ndipo pambuyo pake anadzakhala dokotala, ankacheza kawirikawiri ndi David Tasma, Myuda wa zaka 40 wochokera ku Poland, yemwe khansa inali kumutenga ali kutali ndi kwawo, ndipo Tasmayo ankaona ngati moyo wake sunaphule kanthu. Macheza awowo ndiwo anakulitsa mwa Saunders maganizo omanga nyumba yosamaliramo anthu amene sangachirenso, ndipo Tasma anamusiyira mapaundi 500 oyambira. Nyumbayo, St Christopher's Hospice, inatsegulidwa mu 1967. Isanatsegulidwe, Saunders ankajambula pa tepi mawu a odwala pa St Joseph's Hospice ku Hackney, ndipo kumvetsera kumeneko kunamuonetsa kuti ululu wa munthu woyandikira imfa suli m'thupi mokha, koma umafikanso m'maganizo, pa ubale ndi mumzimu.

Patapita zaka, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Winnipeg ku Canada, Harvey Max Chochinov, anakonza njira yotchedwa Dignity Therapy, imene wodwala amafunsidwa za moyo wake, mawu ake n'kujambulidwa, kulembedwa, ndi kubwezedwa kwa iye kuti asiyire amene wawasankha. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2005, wokhudza odwala 100 a ku Canada ndi ku Australia, 91 anati anakhutira nayo, 76 anati inawathandiza kudziona kuti ndi anthu olemekezeka, ndipo 81 anati zolembedwazo zathandiza kapena zidzathandiza abale awo. Kafukufuku wamkulu wa mu 2011 sanaonetse kuti njirayi imachepetsa nkhawa kuposa chisamaliro chabwino cha nthawi zonse, ngakhale kuti odwalawo anaiyamikira. Ndatchula zimenezi kuti musayembekezere zozizwitsa. Ndondomeko ili m'munsiyi yatsamira pa njira imeneyo, koma ndaibweretsa m'chipinda ndi pakhonde la kwathu kuno, kumene odwala ambiri amadwazikidwa ndi abale awo.

Yambani ndi thupi

Munthu amene akubuula ndi ululu sangakambe za ubwana wake, choncho choyamba ndicho kuonetsetsa kuti ululu watsika. Ngati wodwala ali pa morphine wamadzi, amene kawirikawiri amamwedwa pakatha maola anayi alionse, sankhani nthawi imene mankhwala agwira kale ntchito koma tulo tisanamugwire. Ngati ululu sukumva mankhwala, pitani kaye kwa osamalira odwala matenda osachiritsika. Ku Blantyre kuli Tiyanjane pa Queen Elizabeth Central Hospital, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma muli anamwino ophunzitsidwa ntchitoyi. Musambitseni, sinthani zofunda zonyowa, tulutsani ndowa ya mkodzo, mutsukeni m'kamwa ndipo muike madzi pafupi, pakuti pakamwa pouma mawu satuluka bwino. Mufunseninso chimene akufuna kuvala. Bambo amene wavala jekete lake la kutchalitchi, ngakhale pamwamba pa zovala zogonera, amayankhula mosiyana ndi bambo yemweyo atangofunditsidwa chitenje.

Musazengereze. Mphamvu za wodwala wotere zimatha kutsika mwadzidzidzi, ndipo mutu ukayamba kusokonezeka, moti sakuzindikiranso malo kapena anthu, kumufunsa mafunso kumangomuzunguza.

Pemphani, ndipo pezani womvetsera woyenera

Kwathu kuno ambiri amaona kuti kutchula imfa pamaso pa wodwala kuli ngati kuiitana, ndipo mawu osakonzeka bwino akhoza kumveka ngati mukumutsanzika kapena mwayamba kale kuwerengera katundu wake. Musanene kuti, "Popeza zafika apa, tiuzeni mawu anu otsiriza." Nenani zoona zimene sizimuopseza, monga zakuti, "Agogo, ife adzukulu anu sitidziwa mmene munafikira pamudzi pano. Bwanji mutiuzeko, ine ndizilemba, kuti ang'onoang'onowa nawonso adzadziwe?" Wodwala amene akudziwa kuti masiku ake achepa amamva tanthauzo la pempholi popanda inu kulitchula, ndipo amene sanakonzeke kuganiza za imfa akhoza kuvomera osakakamizidwa kuyang'anizana nayo. Akakana, mulemekezeni. Mukhoza kudzafunsanso kamodzi tsiku lina, koma osapitirira apo, chifukwa kukhala chete nakonso ndi ufulu wake.

Womvetsera woyenera sakhala mwana woyamba kubadwa nthawi zonse. Pali zinthu zimene bambo sangauze mwana wake wamkazi, ndipo mkamwini sangafunse apongozi ake za chibwenzi chawo choyamba. Mdzukulu, amene pa chikhalidwe chathu amaseka ndi agogo ake momasuka, nthawi zambiri ndiye amatsegula pakamwa pa nkhalamba. Kwa ena woyenera ndi mnzawo wa ku Mvano kapena wa kumzikiti, ndipo kwa enanso ndi mlendo amene alibe mbali pa nkhani za m'banjamo. Funsani wodwalayo kuti akufuna kuuza yani. Mukatero pemphani odzazonda kuti adikire panja, zimitsani wailesi, ndipo khalani pansi kapena pakampando kakafupi kuti maso anu ndi ake alingane.

Zipangizo sizifunika zambiri. Foni ya m'manja yokhala ndi moto ikhoza kujambula mawu, bola muzimitse kaye netiweki kuti oimba asadule nkhani, ndipo muiike pafupi ndi mutu wake popeza mawu a wodwala amakhala otsika. Muuzeni kuti mukujambula, ndi kuti akafuna kuti muime muima pomwepo. Ngati sakufuna kujambulidwa, kope ndi cholembera n'zokwanira. Macheza asapitirire ola limodzi, ndipo kwa ambiri mphindi 20 kapena 30 ndiwo malire. Mukaona kuti zikope zikulemera kapena mpweya ukubanika, imani ngakhale nkhani ili pokoma.

Funsani pang'ono, mvetserani kwambiri

Funso loyamba likhale lotakasuka, monga lakuti, "Mukaganiza za kumene mwachokera, ndi ziti zimene sizichoka m'mutu mwanu?" Mukhoza kufunsanso kuti ndi nthawi iti imene moyo unkawakomera kwambiri, ndi maudindo ati amene anasenzapo m'banja, mumpingo kapena m'mudzi, n'chiyani chimene amanyadira, ndi mawu ati amene sanawanenebe kwa okondedwa awo, ndiponso akuwafunira zotani ana ndi adzukulu. Mafunsowa muwasunge kumutu, musawawerenge motsatizana ngati muli pa kalembera. Wodwala akalowera njira yake, mutsatireni, ngakhale mafunso anu atsale osafunsidwa.

Akuluakulu ambiri sakumbukira zinthu ndi nambala ya chaka, koma ndi zimene zinachitika m'dziko. Afunseni kuti njala ya 1949 inawapeza ali kuti, ngati pa ufulu wa 1964 anali atakwatiwa kale, ndani m'banjamo anapita ku Wenela kapena ku Halale, ndiponso anali kuti pa riferendamu ya 1993 ndi pa njala ya 2002. Chinthu chogwirika ndi manja chimathandiza kuposa funso. Chithunzi chakale, buku la nyimbo lothetheka, khasu lotha, chitenje cha pa ukwati, chilichonse mwa izi chikhoza kumasula lilime.

Ndinaziona zimenezi kwa bambo wina amene anali telala pakhonde la sitolo kwa zaka zambiri, ndipo khansa ya kummero inali itamufooketsa moti ankangoyankha ndi mutu. Mdzukulu wake anatulutsa tepi yoyezera, yachikasu, yofufutika manambala oyambirira chifukwa chogwiridwagwiridwa. Bamboyo anaikoleka m'khosi monga ankachitira kale, anagwira kolala ya malaya a mdzukuluyo, kuitembenuza, n'kunena chapansipansi kuti, "Anasoka awa ndi waulesi, taona ulusi ukudumphadumpha." Kuchokera pamenepo anafotokoza za makina ake a Singer amene anagula ndi ndalama za ku Joni, za mayunifolomu amene ankasoka usiku ndi koloboyi sukulu zikamayandikira kutsegulira, ndi za diresi loyamba limene anasokera mtsikana amene pambuyo pake anadzakhala mkazi wake. Kuyambira tsiku limenelo ana ake anayambanso kumutchula kuti atelala, dzina limene linali litasowa pakhomopo kwa miyezi.

Nkhani ikayamba kuyenda, ithandizeni ndi timafunso ting'onoting'ono, monga kuti anavala chiyani tsiku limenelo, panali ndani, anadya chiyani. Pewani kufunsa kuti, "Munachitiranji zimenezo?", chifukwa limeneli ndi funso la pabwalo la milandu. Akakhala chete, inunso khalani chete, pakuti nthawi zambiri mawu olemera amabwera pambuyo pa chete wotere. Akagwetsa misozi, mugwireni dzanja ndipo mulekeni alire, kenako mufunseni ngati akufuna kupitiriza.

Musakonze nkhani ya mwini wake

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ine ndinalakwitsapo. Azakhali anga, ali m'masabata awo omaliza, ankandifotokozera mmene anayendera wapansi tsiku lonse, mwana ali kumsana, kukasaka chimanga chaka cha njala. Anatchula chaka chimene sichinali cholondola, ndipo ine, pofuna kuti zolembedwa zikhale zopanda cholakwika, ndinawadula pakamwa n'kunena kuti, "Ayi azakhali, chimenecho chinali chaka china." Anandiyang'ana kanthawi, nati, "Chabwino, lemba zimene ukudziwazo," n'kutembenukira kukhoma. Nkhani imeneyo sanaibwerezenso. Ndinazindikira mochedwa kuti za chaka analibe nazo ntchito, ndipo chimene ankafuna kuti ndimve n'chakuti iwo anali mayi amene sanalole mwana wawo kufa ndi njala.

Munthu akamafotokoza moyo wake kumapeto sakupereka umboni kukhoti. Pa zinthu zosawerengeka zimene zinamuchitikira, akusankhapo zochepa, akuziika patsogolo zina, zina akuzisiya dala, ndipo m'kusankha kumeneku ndi mmene akudziumbira kukhala munthu amene akufuna kuti aikidwe m'manda ali iyeyo. Mphunzitsi amene akungokamba za ana amene anawaphunzitsa kuwerenga, osatchulako za ukwati wake umene unatha, sakunama ayi. Akukuonetsani pamene paima ulemu wake. Chimodzimodzinso nkhani imene akuibwereza kachitatu, musafulumire kunena kuti waiwala kuti anaikamba kale, chifukwa nthawi zambiri imeneyo ndiyo mzati umene wanyamula denga lonse. Muuzeni kuti, "Nkhani imeneyi ndaona kuti mumaikonda. Imakukumbutsani chiyani?"

Arthur Frank wa pa yunivesite ya Calgary analemba mu 1995 kuti nkhani zimene odwala amakamba zili m'mitundu itatu, ndipo kuidziwa kumathandiza womvetsera. Mtundu woyamba ndi wa munthu wonena kuti anali bwino, wadwala, ndipo achira. Wodwala wanu akati, "Ndikadzuka pano ndikafolera nyumba ija," musamutsutse, komanso musamunamize pomulonjeza kuti adzukadi. Mufunseni za nyumbayo, kuti anaimanga liti ndipo akufuna kuti adzakhalemo ndani. Mtundu wachiwiri ndi nkhani yosokonekera, yopanda mutu ndi mchira, imene vuto limangotsatana ndi linzake popanda potulukira. Imeneyi ndiyo yovuta kuimvetsera, ndipo ambiri timathamangira kunena kuti, "Limbani mtima," kapena "Musadandaule, Mulungu alipo." Mawuwa ndi abwino pa nthawi yake, koma akafulumira amatseka pakamwa pa munthu amene wangoyamba kutula katundu wake. Ndi bwino kungonena kuti, "Ndikumva, amayi, pitirizani." Mtundu wachitatu ndi wa munthu amene akuona matendawo ngati ulendo umene watolapo nzeru zoti asiyire ena. Umenewu ndi wokoma kuulemba, koma musaumirize aliyense kuti nkhani yake ithere pamenepo. Miyoyo ina ili ndi mabala amene sanapole, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wowatchula mmene alili.

Zikatuluka zolemera

Konzekerani kumva zimene simunaziyembekezere: za mwana amene anabadwa kunja kwa banja, za kachilombo ka HIV kamene sanauzeko aliyense, za ngongole, kapena za mkwiyo umene wausunga zaka 30. Zikayamba kutuluka zotere, imitsani foni, mumvetsereni mpaka amalize, kenako mufunseni kuti, "Kodi zimenezi zikhale pakati pa inu ndi ine, kapena zilembedwe?" Ngati akufuna kuti zilembedwe, mukumbutseni mofatsa kuti wodzaziwerengayo sadzakhala ndi mpata womuyankha, ndipo mufunseni ngati sangakonde kuti munthuyo aitanidwe amve yekha iye akadalipo. Apa ndi pamene ankhoswe, mwinimbumba, abusa kapena shehe amathandiza, malinga ndi amene wodwalayo amamukhulupirira. Ngati watchula munthu kuti ndiye anamulodza, mumvetsereni monga munthu amene ali ndi mantha, koma dzinalo musalilembe, chifukwa pepala lotere likhoza kuyatsa moto umene ungapserezetse munthu wosalakwa.

Mbiri ya moyo si wilo. Wodwala akayamba kugawa munda, nyumba kapena ziweto, muuzeni kuti zimenezo zifunika pepala lakelake. Ku Malawi, malinga ndi lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye, wilo imayenera kulembedwa ndi kusainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni zosachepera ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi. Muthandizeni kuchita zimenezo padera, kuti kope la mbiri lisadzasanduke chida chokanganirana katundu.

Lembani msanga, muwerengereni, mupatseni

Lembani zimene mwajambula pasanathe masiku awiri kapena atatu. Chotsanimo mafunso anu, kutsokomola ndi mawu amene anangobwerezedwa chifukwa chotopa, ndipo mukhoza kusanja nkhani kuti za ubwana zikhale poyamba. Koma mawu akhale ake. Ngati anati "ku Joni", musalembe kuti Johannesburg. Ngati anaponyamo Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, chisiyeni momwemo, pamodzi ndi miyambi yake ndi mayina amene amaitanira ana ake mwachikondi, chifukwa odzawerenga akufuna kudzamva liwu la agogo awo, osati Chichewa chanu cha kusukulu. Musaonjezere mawu otsekera amene iye sananene, ngakhale aoneke okoma chotani.

Mukatha, muwerengereni zonse mokweza ndi mosathamanga. Ambiri amadabwa kumva moyo wawo ukuwerengedwa kuchokera poyamba mpaka pomaliza, ndipo apa ndi pamene amakumbukira mwana amene sanamutchule kapena kupempha kuti mawu ena owawa achotsedwe. Chitani monga wanenera. Funso limodzi limene simuyenera kuliiwala ndi lakuti, "Kodi pali wina amene angamve kuwawa poona kuti dzina lake mulibe?" Mdzukulu mmodzi wosiyidwa mwangozi akhoza kusenza zimenezo moyo wake wonse.

Kenako mufunseni kuti kopelo lipite kwa yani, ndiponso liperekedwe liti, iye akadali moyo kapena pambuyo pake. Ngati akusiya ana aang'ono, tengerani chitsanzo kwa amayi a NACWOLA, bungwe la amayi okhala ndi kachilombo ka HIV ku Uganda, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ankalembera ana awo mabuku a chikumbutso okhala ndi mbiri ya banja, mayina a achibale ndi nkhani za anawo ali makanda. Lembanimo mfunda wa banjalo, mudzi ndi mfumu ya kwawo, ndi amene anawo angathamangireko zikadzavuta. Kopelo likhale ndi linzake losungidwa kwina, kutali ndi chiswe ndi mvula. Mawu ojambulidwa mukhoza kutumizira ana amene ali ku Johannesburg kapena ku London pa WhatsApp ngati mwini wake walola, koma musawaike pa Facebook, ndipo zimene anati zikhale pakati pa awirinu muzifufute m'foni tsiku lomwelo. Inunso womvetsera, ngati zimene mwamva zikukulemerani, pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, monga namwino kapena mtsogoleri wa mpingo, woti mumuuze mmene mukumvera popanda kuulula za mwini wake.

Mawu akatha

Idzafika nthawi imene wodwala sadzathanso kuyankhula. Anamwino amalangiza kuti tiziyankhula pafupi ndi munthu wotere ngati kuti akumva zonse, choncho ntchito ija tsopano yatembenuka, ndipo wofotokoza ndinu. Khalani pambali pake, muwerengereni ndime zazifupi za m'kope lija, makamaka nkhani imene ankaibwereza, ndipo itanani ana ndi adzukulu mmodzimmodzi kuti aliyense amuuze chimene amamukumbukira nacho. Za maliro, bokosi ndi katundu zikakambidwe panja. Odzazonda akafika pakhomo n'kufunsa kuti, "Agona bwanji?", auzeni alowe awiriawiri, agwade pafupi, adzitchule mayina, ndipo amupatse moni ndi mfunda wake kapena ndi dzina la ntchito yake, kaya ndi aPhiri, aNabanda, aphunzitsi kapena atelala.